Kadzanja ka M'nsalu Yofiira

Malemu bambo athu, a Manfred Thombozi, anabadwa pa 9 Juni 1961 m'mudzi mwa Chikuse, Mfumu Yaikulu Kadewere, m'boma la Chiradzulu. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la malemu bambo Dalton Thombozi ndi malemu mayi Esinati Nachisale. Mwa onsewo watsala mmodzi, azakhali athu a Daphne, amene akutimvera pa foni ali ku Namitambo.

Abusa, akuluakulu a mpingo, amayi athu, ndi inu nonse anamfedwa: amene waima pamaso panu ndi Ganizani, mwana wamwamuna wa malemu. Ndikudziwa kuti mbiri sawerenga mwana. Amawerenga malume, kapena mkulu wina wa mtima wokhazikika. Komiti ya maliro inalembanso kale ina ya tsamba limodzi, koma ndaisiya pampando, ndipo chifukwa chake n'ichi. Bokosi lili patsogolo pathuli limafuna mapewa asanu ndi limodzi, koma amene tavomera kulinyamula ndife atatu. Ena amene analembetsa maina anawafafaniza mkati mwa sabata, wina akuti msana, wina akuti shifiti. Chifukwa chenicheni tonse tikuchidziwa, pakuti chakhala chikuyenda m'mafoni mwathu kuyambira Seputembala: akuti malemu anali okhwima, akuti anawapeza ndi kanthu m'sutukesi. A kampani ya maliro atiuza kuti tisadandaule, ali ndi kangolo ka matayala. Bambo athu asanakankhidwe pa kangolo ngati katundu wa m'sitolo, ndikupempha kuti mumve mbiri yawo yonse, pamodzi ndi zaka 33 zimene tsamba la komiti lazidumpha ndi mzere umodzi. Pamene mbiriyi itchule Ganizani, dziwani kuti ndi ine ndemwe. Pali zina zimene pakamwa panga pakukana kunena kuti ine.

Mu 1969 malemu anayamba sukulu ya pulayimale kwawo komweko. Mayeso a Sitandade 8 analemba kawiri, mu 1976 ndi mu 1977, ndipo kawiri konse dzina lawo silinatuluke. Nkhani imeneyi sankaibisa. Ankati Mulungu pogawa nzeru, zawo anaziika m'zala. Mu 1978 anapita ku Ndirande kwa amalume awo amene anali kalipentala, ndipo kumeneko anaphunzira kupala matabwa, kukhoma mabenchi ndi kupachika zitseko.

Mu Epulo 1983 amalume awowo anawatuma kukakonza zenera lovunda pa kachisi wakale wa Ahindu mumzinda wa Blantyre, kuseri kwa masitolo a amwenye. Inali ntchito ya masiku awiri. Pageti anawauza kuti avule nsapato. Pofotokoza zimenezi malemu ankaseka, ankati lamulo limenelo silinawavute chifukwa nsapatozo analibe.

Ambiri a ife tadutsapo pa nyumba zoterezi titayang'ana kumbali dala. Ndiloleni ndikuonetseni monga malemu ankationetsera ife ana pa tebulo, pogwiritsa ntchito mbale, makapu ndi kabotolo ka mchere. Umakwera masitepe asanu ndi awiri. Pamwamba pali belu lolendewera limene aliyense amaliza polowa, ngati kuodira. Kenako ufika m'bwalo la nsanamira, lopita mphepo, mmene anthu amaimirira. Ukamapita kutsogolo denga limatsika ndipo kuwala kumachepa, mpaka ufike pa kachipinda kakang'ono kopanda zenera, kamene eni ake m'chinenero chawo amakafanizira ndi mimba. Pamwamba penipeni pa kachipindako ndi pamene nsanja imayambira, yotambalala pansi, yowonda kumwamba, ndipo m'mbali mwake mwamatirira tinsanja ting'onoting'ono ngati ana oberekedwa. Pansonga pali mtsuko wamkuwa. Malemu ankati ife timakulitsa tchalitchi kuti tikwanemo tonse, koma iwo aja amachepetsa mkati kuti munthu akamayandikira, nayenso azichepa.

Koma chimene chinawagwira mtima chinali khomo la kachipindako. Mtengo wake unachokera ku India pa sitima ya m'madzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji, ndipo unali utada ndi zaka ndi utsi wa nyale. Panalibe malo osalala okwana chikhatho. Maluwa a kakombo ankayanga kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo panalibe awiri ofanana. Pakati pa maluwawo panali njovu zokolekana zitamba, ndi mbalame za michira yaitali zotembenuza makosi kuyang'ana m'mbuyo. Pamwamba pa khomo panakhala mulungu wawo wa mutu wa njovu, amene eni ake amayamba kumupatsa moni asanayambe ntchito iliyonse. Ndipo m'munsi, mbali iyi ndi iyo, munaima amayi awiri otalika ngati mkono, oimira mitsinje iwiri yaikulu ya kwawo. Mmodzi anaponda pa chilombo chonga ng'ona, winayo anaponda pa kamba. Aliyense anatukula dzanja limodzi kufika paphewa, atanyamula kamtsuko ka madzi.

Wosamalira zosemazo anali mmisiri wokalamba, a Dayabhai, amene maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Anapeza mnyamata wa zenera uja ataima kukamwa yasa, hamala ili m'manja, zenera osalikhudza. M'malo mokalipa anamufunsa kuti pa maluwa onsewo, lachilendo ndi liti. Malemu anayang'ana, n'kuloza limodzi la kumtunda, nati tsamba lake limodzi ndi la mtengo wina. A Dayabhai anaseka mpaka kutsokomola. Tsambalo analowetsapo ndi iwo omwe zaka makumi awiri m'mbuyomo, ndipo panalibe anazindikirapo. Ntchito ya masiku awiri ija inakhala ya zaka 33.

Ntchitoyo inali ndi malamulo ake, ndipo malemu anawasunga mpaka kuno. Fumbi la m'zosema sachotsa ndi nsanza. Amachotsa ndi nthenga ya nkhuku ndi kansungwi kosongoka kokulunga thonje. Sauzira ndi pakamwa, chifukwa mpweya umatuluka ndi malovu. Thabwa la pansi pa khomo saliponda, amalilumpha. Msomali sulowa pa mtengo wakale, pamalowa chikhomo cha mtengo womwe. Mafuta ndi dontho, osati kuthira. M'kachipinda kamkatimo malemu sanalowemo ngakhale tsiku limodzi, ndipo sanagwadepo. Lamulungu lililonse anali kutchalitchi kwawo ku Ndirande akuimba besi m'kwaya. Anzawo akawanyogodola kuti akutumikira ambuye awiri, ankayankha kuti iwo amasamala mtengo, zopembedza n'za eni ake.

Pa 25 Ogasiti 1990 malemu anamanga ukwati woyera ndi mayi Sellina Makwinja a ku Thyolo, amene akhala apawa. Mulungu anawapatsa Mwaiwawo mu 1992 ndi Ganizani mu 2001. Pakati pa awiriwa panali ana ena awiri amene anatsogola ali makanda. Mu 1991 a Dayabhai anamwalira, ndipo tchizulo zawo, mpeni ndi kabotolo ka mafuta zinatsalira malemu.

Tsopano ndafika pa kanthu ka m'sutukesi.

Mu Okutobala 1994, pokonzekera chikondwerero cha Ahindu cha nyale, malemu ankapaka laimu kudenga, pafupi ndi khomo lija. Pansi panali patadontha mafuta. Makwerero anaterereka, ndipo mwendo wake unakamenya mayi woponda pa kamba uja. Dzanja linathyokera m'mfundo n'kugwa pansi pamodzi ndi kamtsuko kake. M'kachisimo munalibe munthu. Malemu anatola, anayang'ana uku ndi uku, n'kuika m'thumba. Anali ndi mwana wa zaka ziwiri kunyumba, mkazi ali woyembekezera, ndipo anthu aja anali atawapatsa makiyi a nyumba yawo yopatulika. Anaphimba chosemacho ndi nsalu, nauza wansembe kuti apaka mafuta, pasakhudzidwe mpaka Loweruka.

Masiku anayi anakhala kuseri kwa nyumba ku Ndirande akusema dzanja lina pa kachidutswa ka mlombwa kamene anadula ku mwendo wa mpando wawo. Analidetsa ndi masamba a tiyi, mwaye ndi mafuta, n'kukalilumikiza ndi chikhomo, opanda guluu. Chikondwerero chinafika, nyale zinayaka, anthu mazana anadutsa pakhomopo, ndipo panalibe anaona kanthu. Malemu okha ndi amene ankadziwa kuti zala sizinatheke. Za mwini wake zinali zowonda, zopindika ngati zikuvina. Zawo zinatuluka zazifupi, zonenepa, zala za munthu wotunga madzi zenizeni, zofanana ndi za amayi awo a Nachisale. Kuyambira chaka chimenecho mpaka lero, anthu akhala akukoleka maluwa pa dzanja la mlombwa la ku Chiradzulu osadziwa.

Kadzanja kenikeni kaja anakakulunga m'kansalu kofiira, kotsalira pa nsalu zophimbira zosema. Chaka chilichonse ankakadontheza mafuta kuti kasang'aluke. Patapita nthawi anafunsa wansembe mozungulira, ngati akufunsira mnzawo, kuti chosema chopatulika chikathyoka amachitani nacho. Anawauza kuti sachisunga m'nyumba ndipo sachitaya kudzala. Amachibwezera m'madzi akuya. Malemu anapita nako pa mlatho wa Mudi, koma ataona madziwo, zonyansa ndi majumbo akuyandama, anabwerera nako. Anati adzapita ku Shire. Chaka chinatha, china chinatha. Iwo eni anadzavomera pambuyo pake kuti vuto silinali mtsinje. Kukataya kunali kuvomera kuti anaswa, ndipo kuvomerako ndi kumene kunkawakanika. Ngakhale amayi athu sanawauze.

Mu 2009 amayi anabwera kuno ku Ireland, pa zifukwa zimene akuluakulu a banja akuzidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri malemu analera ana okha. Ankaphika, ankachapa mayunifomu, ndipo tsitsi la Ganizani ankameta okha ndi sizasi, moipa ndithu. Madzulo akaweruka ankajambula zosema za kuntchito m'makope a sukulu, duwa ndi duwa, ndipo Ganizani ankatsatira mizereyo ndi pensulo yake. Koma kusukulu anzake anayamba kumutchula kuti mwana wa wopukuta mafano. Kuyambira pamenepo, akakhala ndi anzake m'tauni n'kuona bambo ake patsogolo, ankawerama kumanga zingwe za nsapato mpaka adutse. Malemu ankaona. Ankangopitirira ngati sanaone, kuti mwana asavutike.

Mu Julayi 2016 mapepala anatheka, ndipo malemu ndi Ganizani anatsatira amayi. Mwaiwawo anatsala chifukwa zaka zake zinali zitapitirira zololedwa kutsatira kholo. Potsazikana, eni kachisi anawaveka nsalu pamapewa pamaso pa gulu, nanena kuti m'zaka zonsezi sanaonepo munthu wokhulupirika ngati Manfred. Malemu anandiuza kuti tsiku limenelo kadzanja kanali m'thumba la jekete, anapita nako kuti akaulule, koma atamva mawu amenewo anabwerera nako kunyumba.

Banja linakhazikika ku Balbriggan. Sabata yoyamba, tikuchokera ku mapemphero, Ganizani anapempha bambo ake kuti kuno zija za kukachisi asamanene, anthu akafunsa azingoti anali kalipentala. Anali ndi zaka 15 ndipo ankafuna kuyamba moyo wopanda dzina lonyozeka. Potsika basi malemu anati, chabwino bwana. Mawu amenewo anawasunga zaka zisanu ndi zitatu. Ambiri muno mwadya nawo, mwaseka nawo, osadziwa kuti manja amene ankakupatsirani mbale anali a mmisiri.

Mu 2017 anayamba ntchito yokolopa maofesi ku Mulhuddart. Mu 2019 analowa pa nyumba yosamalira okalamba ngati wokonzakonza: matayala a mawilitcheya, zitsulo za mabedi, zitseko zolira. Ndodo za agogo achizungu ankazipala zigwiriro kuti zigwirizane ndi dzanja la mwini wake, osauzidwa ndi munthu. Nthawi ya mliri sanajombe. Kumeneko anapeza mnzawo, a Suresh, nesi wochokera ku India, munthu yekhayo m'dziko lino amene ankakamba naye za nsanja ndi kakombo pa nthawi ya tiyi. Mumpingo muno malemu ankayamba kufika kudzandandalika mipando ndipo ankamaliza kutuluka. Kuyambira 2017 tataya Amalawi anayi kuno, ndipo pa mabokosi onse anayi phewa la malemu linalipo. Sanafunsepo kuti womwalirayo ankasunga chiyani m'sutukesi.

Mu 2020 Ganizani analowa koleji kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba. Malemu anauza aliyense, ngakhale woyendetsa basi. Ankati nzeru za m'zala zija tsopano zakwera kufika kumutu. Chaka chachiwiri Ganizani analephera, anabwereza, analepheranso, ndipo mu 2022 anasiya. Kunyumba sananene. M'mawa uliwonse ankabereka chikwama cha mabuku n'kukakwera sitima, koma kumene ankapita ndi kokanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu. Amayi, izi mukuzimva koyamba lero, pamaso pa anthu. Pepani. Ndazinena chifukwa popanda izi zotsatirazi sizimveka.

Mu Febuluwale chaka chino malemu anayamba kuonda ndi kudandaula m'mimba, ndipo madokotala anapeza khansa ya m'chiwindi itafalikira kale. Mu Epulo, tsiku lina amayi ali kuntchito, anaitana Ganizani, anatsekula sutukesi, anamasula kansalu kofiira, n'kumuuza zonse zimene ndakuuzanizi. Kanali kakang'ono, kotalika ngati chala chapakati, kakuda, konyezimira. Pa kamtsukoko panali mizere itatu yowonda ngati tsitsi, ndipo chala chilichonse chinali ndi chikhadabo chake. Anamugwiritsa, nati aone ntchito ya munthu amene dzina lake palibe akulidziwa. Kenako anapempha chinthu chimodzi: awaperekeze ku Skerries. Anali ataganiza kale zonse. Anati doko la ku Balbriggan madzi akaphwera limasanduka matope, koma kumapeto kwa doko la ku Skerries madzi ndi akuya nthawi zonse. Okha sakanatha kuyenda mpaka kumapetoko, komanso ankafuna pakhale munthu womva akamapepesa. Kuchoka ku Balbriggan kupita ku Skerries ndi siteshoni imodzi. Sitima sitenga ngakhale mphindi khumi.

Ganizani anati ali ndi mayeso, adikire athe. Mu Juni malemu anakumbutsa, Ganizani anati ali ndi pulojekiti. Mu Ogasiti anagwirizana Loweruka. Malemu anadzuka, anameta ndevu, anavala jekete ndi chipewa, n'kukhala pampando wa pafupi ndi khomo kuyambira 9 koloko. Ganizani anasuzumira pazenera nati kukubwera mvula. Kunalibe mvula yoposa ya masiku onse. Chimene ankaopa n'chakuti Loweruka ku Skerries kumakhala Amalawi oyendetsa ana, ndipo wina angaone mnyamata wa kukoleji ali ndi mdala akuponya kanthu kofiira m'nyanja, n'kujambula pa foni. Nthawi ya nkhomaliro malemu anavula chipewa okha. Zengerezu analinda kwawukwawu, akuluakulu anatero. Mwezi wotsatira miyendo inakana, ndipo sanatsikenso masitepe.

Lolemba pa 16 Seputembala masana, amayi a mapemphero anabwera kudzaona wodwala monga ankachitira sabata iliyonse, atanyamula chakudya. Malemu anali akunjenjemera ndi kuzizira, maso ali otseka. Mmodzi wa iwo, mayi Clementina, anatsekula sutukesi kufuna bulangeti lina. Anapeza kansalu kofiira komanga mfundo, konunkhira mafuta, ndipo atamasula munali kadzanja kakuda kogwira kansupa. Ndinu Amalawi, simukufunika kuuzidwa kuti m'chipindamo munazizira bwanji. Amayi athu anali asanakaonepo, anangogwira pakamwa. Ganizani analipo, ataima pakhomo. Mayi Clementina anachita zoyenera, anafunsa. Anati, Gani, mwana wa m'nyumba ndiwe, ichi n'chiyani? Amayi asanu ndi mmodzi anamuyang'ana. Yankho lonse linali pakamwa pake, ndi chaka chake, ndi dzina la mtengo. Koma kuyankha kunali kunena za kachisi, ndipo kunena za kachisi kunali kubwerera ku dzina lija la ku Ndirande. Anayankha m'Chingerezi, ngati mwana wobadwira kuno, kuti sakudziwa.

Anapemphera mofuula, akudzudzula mizimu. Panalibe wofuna kukagwiranso, choncho anakanyamula ndi sipuni n'kukaponya m'jumbo ya buledi, napatsa Ganizani. Iye anatsika nako n'kukaponya m'bini yakuda, pamwamba pa makoko a mbatata ndi mafupa a nkhuku. Chinthu chimene bambo ake anakana kuchitaya mu Mudi chifukwa madzi anali akuda. Biniyo inakhala pamsewu mpaka m'mawa wa Lachiwiri. Ganizani anaidutsa 7 koloko isanakwane, chikwama cha mabuku chili kumsana, akupita ku koleji imene anasiya kalekale. Chivindikiro chinali chosakhoma. Sanaime. Ali pasiteshoni anamva galimoto ya zinyalala ikulira m'msewu mwathu.

Lachitatu malemu anapempha kuti awaikire sutukesi pabedi. Anapisa dzanja, anafufuza ngodya zonse zinayi pang'onopang'ono, kenako anatseka zipi. Maso otseka aja sanali a tulo. Lolemba lija anamva zonse, mphamvu yolankhulira ndi imene analibe. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anati, Gani, kuswa n'kubisa watengera ine, koma iwe usadikire zaka makumi atatu. Anamugwira dzanja mpaka anagona, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso.

Koma kunja inali itayamba kale kuyenda. Pofika Lachisanu Mwaiwawo anaimbiridwa foni ku Zomba kuti bambo ake awapeza ndi dzanja la mwana. Sabata yotsatira tinamva kuti ndi limene linatulutsa mapepala athu, ndipo khansayo ndi malipiro ake. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Masitepe a kwathu amene ankadzaza nsapato za alendo anakhala mbee. Anatsala akubwera ndi abusa, a Suresh, ndi a Kanyanta, mnzawo wa ku Zambia amene ankasewera naye bawo, amene ankati iwo mfiti yogonja pa bawo katatu motsatizana sanaionepo. Mayi Clementina sanasiye kuphika; ankasiya poto pakhomo, n'kugogoda, n'kubwerera. Amayi athu ankapita kuntchito maso ali pansi. Ganizani ankawerenga mauthenga onsewo pa foni yake, ndipo anakhala chete masabata ena asanu ndi awiri.

Pa 22 Okutobala malemu anawatengera ku nyumba yosamalira odwala kwambiri. Kumeneko anawasamala mwaulemu. Lamulungu pa 3 Novembala, 2 koloko masana, amayi akuwaimbira nyimbo ya m'kwaya yawo ya ku Ndirande, anatisiya. Anali ndi zaka 63. Anamwalira akudziwa zimene anthu akunena, ndipo sanadziteteze, chifukwa kudziteteza kunali kuulula kuti mwana wawo ananama.

Anamfedwa, bambo athu sanali okhwima. Anali mmisiri amene anathyola chinthu cha eni mwangozi, anachita mantha, n'kuchisamala zaka makumi atatu akufunafuna mtima wochibwezera. Cholakwa chawo n'chimenecho, ndipo sindikuchichepetsa. Amene mukukayika ndipo muli ndi abale ku Blantyre, atumeni. Akapemphe mwaulemu pageti, akavule nsapato, akayang'ane mayi woponda pa kamba. Akaona kuti dzanja lonyamula mtsuko zala zake n'zazifupi, ndipo akayang'anitsitsa m'mfundo akaona kadontho ka chikhomo. Eni kachisi ndawalembera kalata Lachinayi, ndawauza zonse, za bambo ndi zanga. Sanayankhe, ndipo ali ndi ufulu wosayankha.

Mayi Clementina, musalire choncho. Inu munafunsa, ndipo munafunsa munthu woyenera. Amayi nonse amene munalipo, palibe mlandu pa inu. Munaona chimene maso a kwathu anaphunzitsidwa kuona. Amene munawonjezera mchere pa nkhaniyi m'mafoni, ndinabwera ndi mawu anu okonzeka, akuthwa ndithu, koma ndaona kuti ndilibe nkhope yowanenera. Inu munanena zimene simukuzidziwa. Ine ndinakana zimene ndikuzidziwa.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Sellina Thombozi. Ana awiri, Mwaiwawo amene ali ku Zomba ndipo viza sinatuluke m'nthawi yake, ndi Ganizani. Mkamwini, a Jared. Zidzukulu ziwiri, Louisa ndi Tiyezge, zimene agogo awo anazidziwira pa foni pokha. Mlongo wawo a Daphne. Ndi abale ambiri ku Chiradzulu ndi ku Thyolo.

M'malo mwa amayi ndi banja lonse, ndikuthokoza abusa chifukwa simunasiye kukwera masitepe aja, ndipo mwavomera kuyendetsa mwambowu ngakhale ena anakulangizani zina. Ndikuthokoza madokotala ndi manesi amene anawasamala. Ndikuthokoza anzawo a kuntchito amene akhala kumbuyoko. Chichewa sakumva, koma akhala mpaka pano. Ndikuthokoza amayi amene mwakhala ndi amayi athu masiku onsewa ndi amene mwaphika, komiti imene yathamanga ndi mapepala, ndi inu nonse amene mwabwera, ngakhale amene mwabwera ndi mantha. Kubwera ndi mantha n'kubwera ndithu.

Adadi, ku Skerries sindinakuperekezeni. Kumene mukupita lero ndikuperekezani. Mzimu wanu uuse mumtendere, ndipo Mulungu amene amadziwa zobisika za tonsefe akulandireni ndi manja awiri.

A kampani ya maliro, zikomo, koma kangolo kaja kabwezeni m'galimoto. Kuchoka pano kufika pakhomo ndi mapazi makumi anayi, ndawerenga m'mawa uno. A Kanyanta ndi a Suresh akhala kumutu, ine ndikhala kumiyendo. Tikakhala atatu omwewa tinyamulabe, tizipumira panjira. Abusa, musanayambitse nyimbo, tipatseni mphindi imodzi. Ndikupita kukaima pamalo panga, ndipo ndiyang'ana pansi kuti munthu asachite manyazi poimirira.